Kwa achimwene a ku Chibavi: tetezani tweeter kaye, kenako muyeze sipika iliyonse payokha

Achimwene, funso lanu ndalimva chonchi: muli ndi ma woofer (masipika a mawu otsika) awiri a mainchesi 6.5, ma tweeter (timasipika ta mawu okwera) awiri a inchi imodzi, miniDSP 2x4 HD (DSP, kabokosi kogawa ndi kukonza mawu asanafike ku amplifaya) ndi mabodi awiri a amplifaya a TPA3255. Mwaika crossover, malire pamene woofer imasiyira tweeter, pa 2,500 Hz mbali zonse, ya mtundu wa Linkwitz-Riley 24 dB, koma mawu a oimba akutuluka opyapyala ndi obaya m'khutu, ndipo tweeter imodzi yapsa magetsi atazima n'kubweranso. Mukufuna nambala yoyenera ya crossover. Nambala imeneyo palibe angakupatseni pa foni, ngakhale anzathu a m'gulu muno amene akuuzani kuti muike 3,000 kapena 3,500 Hz. Zimene mumalemba mu DSP zimangodula mphamvu yopita ku sipika. Sipikayo nayonso imakwera ndi kutsika mwa iyo yokha, bokosi limawonjezapo zake, ndipo khutu limamva zonsezo zitaphatikizana. Mungalembe 24 dB pa 2,500, koma zotuluka m'mpweya n'kukhala zina kwa woofer, zinanso kwa tweeter. Nchifukwa chake ntchitoyi imafuna maiki.

Koma musanagule tweeter ina, konzani chimene chapha yoyambayo, apo ayi muikanso maliro ena. Mu sipika ya m'sitolo, pakati pa amplifaya ndi tweeter pamakhala kapasita. Inu mwachotsa zonse, waya wachoka ku amplifaya n'kulowa ku koyilo ya tweeter mwachindunji. Magetsi akabwerera, DSP ndi amplifaya zimadzuka nthawi imodzi, DSP imatulutsa kaphokoso kaja koti "dhu", amplifaya n'kukakuza, ndipo kawaya ka m'koyilo ya tweeter, kochepa ngati tsitsi, kamaduka pomwepo. Ikani kapasita pa waya wa + wa tweeter iliyonse. Kukula kwake kumapezeka pogawa 1 ndi 6.28 kuchulukitsa ndi frequency kuchulukitsa ndi ma ohm. Kwa tweeter ya ma ohm 6, mukafuna iyambe kutseka pa 800 Hz, yankho ndi 33 µF. Ili pansi kwambiri pa crossover yanu, choncho siisokoneza kwenikweni, koma imaletsa DC ndi bezi yosochera. Ikhale yopanda + ndi −. Ya polypropylene ikasowa, funsani ogulitsa zida za ma mota ndi mapampu kapasita ya motor run yolembedwa CBB60 kapena CBB65, ya 30 kapena 35 µF. M'kati mwake ndi polypropylene yomweyo. Ya motor start ayi, imeneyo ndi mtundu wina.

Amplifaya iziyaka pomaliza ndi kuzima poyamba. Poti simudzakhala pafupi nthawi zonse magetsi akamachoka, ilumikizeni kudzera pa fridge guard, imene imadikira mphindi zingapo isanalole magetsi kudutsa. DSP yanu imadya ma volt 12, ndiye ka UPS ka rauta kamaikwanira, ndipo sizima mwadzidzidzi amplifaya idakali ndi mphamvu m'makapasita ake. Chenjezo lina pa TPA3255: mabodi ambiri amatulutsa mawu mwa bridge, kutanthauza kuti waya wakuda si ground. Musalumikize mawaya akuda a woofer ndi tweeter pamodzi kuti musunge waya, ndipo mukagula bodi ya relay yoteteza masipika, onetsetsani kuti yalembedwa BTL, kutanthauza bridge yomweyo. Mukatha kulumikiza, imbani kamawu motsitsa kwambiri pa output imodzi imodzi, mutsimikize kuti 1 ikupita kumene mukuganiza. Ma tweeter ambiri amafa chifukwa cha mawaya a RCA osinthanitsidwa.

Za bokosi simunanene zambiri. Ngati ma woofer ndi a fakitale yodziwika, tengani pa pepala lawo Fs (frequency imene sipika imanjenjemera payokha), Qts ndi Vas, manambala owerengera kukula kwa bokosi. Ngati ndi ogula ku Taifa opanda pepala, nambala ya ma watt yosindikizidwa pa maginito siikuthandizani kanthu. Yezani nokha ndi pulogalamu yaulere ya REW, resistor ya ma ohm 100 ndi sound card, pomata kolemera kodziwika kulemera kwake pa cone, gawo lonjenjemera la woofer. Kwa munthu woyamba, bokosi lotseka ndiye labwino. Mwachitsanzo woofer ya Qts 0.4, Vas malita 25 ndi Fs 45 Hz imafuna malita pafupifupi 12 kuti Qtc, yomwe ndi Qts ya woofer ili m'bokosi, ifike 0.707, ndipo bezi imayamba kutsika cha pa 80 Hz. Pulogalamu ya WinISD imawerengera zimenezi pa mphindi imodzi. Gwiritsani plywood kapena MDF ya mamilimita 18, ndi thabwa lopingasa m'kati lomanga mbali ziwiri. Ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu, MDF yosamata imafufuma m'mphepete, ndiye pakani guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi theka ndi theka m'malo onse odulidwa, kawiri, musanapente, m'kati momwe. Matabwa a paini a ku Chikangawa ndi okongola, koma akapanda kuuma bwino amapindika ndi kutsegula mipata m'makona; pangirani miyendo, osati bokosi. Muuzeni kalipentala aikwirire tweeter kuti nkhope yake ifanane ndi thabwa. Ikangokhala pamwamba, kakhonde ka mamilimita 4 kaja kamabweretsa mabampu pa kuyankha kwake amene EQ siingachotse bwino. Tweeter ndi woofer ziyandikane mpaka kutsala pang'ono kukhudzana. Mukamanga, kankhani cone pang'onopang'ono n'kuisiya: ikabwerera mwaulesi bokosi latseka, ikadumpha msanga penapake pakutuluka mpweya.

Tsopano kuyeza, kumene kuli ntchito yeniyeni. Mufunika maiki yoyezera monga UMIK-1, ndi fayilo yake ya calibration imene mumaitsitsa polemba serial number. Maiki ya foni kapena ya kwaya siigwira. Ngati mtengo wavuta, sonkhani anthu atatu anayi a m'gulu muno, poti chida chimenechi chimagwira ntchito masiku ochepa pa chaka. Imikani sipika pa chinthu chokwera kuti tweeter ikhale mamita 1.2 kuchoka pansi, kutali ndi makoma, maiki mita imodzi patsogolo pake. Mawu odzera pa simenti amayenda mamita 2.6 pomwe achindunji amayenda mita imodzi, ndiye amachedwa ndi ma millisecond 4.7, popeza mawu amathamanga mamita 343 pa sekondi. Mu REW ikani window ya kumanja, malire a nthawi imene imawerengera mawu, pa 4.5 ms. Mukatero mwadula chipinda, mukuona sipika yokha, kuyambira cha pa 220 Hz kukwera. Zapansi pa apo yezani maiki ili mamilimita 5 kuchoka pa cone. Siling'i ikakhala yotsika, tulutsani zonse pabwalo tsiku lopanda mphepo. Mvula ikamagwa pa malata musavutike n'komwe.

Yezani woofer yokha, crossover ndi EQ zonse zitazimitsidwa. Kenako tweeter yokha, kapasita ili pamalo pake, sweep (kamawu koyezera ka REW) yoyambira pa 1,000 Hz, mawu osapitirira 75 dB. Maiki isasunthe pakati pa miyeso iwiriyi. Popeza UMIK-1 ndi ya USB, yatsani acoustic timing reference mu REW, tweeter ya sipika inayo ikhale yopereka chizindikiro, kuti nthawi ya miyeso yonse iwerengedwe kuchokera pamodzi. Bwerezani mutatembenuza bokosi madigiri 15, 30, 45 ndi 60.

Pa chithunzi cha woofer mupeza chimene chikupyapyalitsa mawu anu. Mawu okwera amapita kutsogolo kokha, koma otsika amazungulira bokosi n'kupitanso kumbuyo, choncho kutsogolo amachepa mpaka 6 dB. Pakati pa kutsikako pamapezeka pogawa 115 ndi m'lifupi mwa nkhope ya bokosi m'mamita: bokosi la masentimita 22 ndi cha pa 520 Hz. Crossover ya m'masipika ogula imakonza zimenezi mobisa, DSP yanu siidziwa mpaka muiuze. Ikani high shelf, fyuluta yotsitsa mawu onse apamwamba, ya 3 kapena 4 dB pa woofer kuzungulira frequency imeneyo. Masipika akamakhala pafupi ndi khoma 3 imakwana. 6 yathunthu m'chipinda cha njerwa ndi simenti imabweretsa bezi yonenepa yosamveka manoti. Onani kuti tikutsitsa zapamwamba, osati kukweza zapansi, kuti DSP isafike pothina.

Kubaya m'khutu kuli ndi magwero awiri. Tweeter nthawi zambiri imafuula kuposa woofer pa mphamvu yofanana, ndipo mukatsitsanso woofer ndi shelf ija, kusiyanako kumafika 5 mpaka 8 dB. Gwero lachiwiri ndi cone imene imayamba kunjenjemera mosagwirizana pamwamba. Za aluminiyamu zimaonetsa nsonga yakuthwa cha pakati pa 5,000 ndi 7,000 Hz, za pepala yofatsa. Ipezeni pa chithunzi, muidule ndi PEQ, fyuluta ya mu DSP yotsitsa kapena kukweza malo amodzi, pa frequency yake yeniyeni, crossover musanaiyatse. Muli ndi ma PEQ 10 pa output iliyonse, koma sikuti onse agwire ntchito. Kabampu kamene kakuoneka pa madigiri 0 koma n'kusowa pa 30 kachokera m'mphepete mwa bokosi, kasiyeni.

Frequency yodulira imasankhidwa pakati pa malire awiri. Pansi, isachepere kawiri Fs ya tweeter: ya Fs 900 Hz musaitsitse kupitirira 1,800. Pamwamba, yang'anani miyeso ya madigiri 45 ndi 60, muone pamene woofer yayamba kufooka m'mbali. Kwa mainchesi 6.5 zimayamba cha pa 2,000 Hz. Ndiye malangizo a 3,500 aja ndimawakana: kutsogolo zimveka bwino, koma mawu opita m'makoma amakhala ndi dzenje kenako phiri, ndipo pabalaza lopanda kapeti mawu a m'makomawo ndi ambiri mwa zimene mumamva. Yambani pa 2,000 mpaka 2,200 ngati tweeter ikulola.

Mu REW jambulani target, mzere woti muulondole, ya Linkwitz-Riley 24 dB pa frequency mwasankhayo, ndipo sinthani DSP mpaka muyeso wa sipika ugone pa mzerewo, ngakhale 20 dB pansi. Apa mudzadabwa kuti mwina tweeter ikufuna fyuluta ya 18 dB yokha, kapena ya 12, chifukwa kapasita ndi kugwa kwake kwachibadwa zapereka kale zotsalazo. N'zololedwa kuti manambala a woofer ndi tweeter asiyane mu DSP. Chimene Siegfried Linkwitz anafotokoza mu 1976, pa ntchito imene anagwira ndi Russ Riley, ndi chakuti sipika iliyonse ikhale 6 dB pansi pa malo okumanira ndipo ziwirizo ziyendere limodzi. Pulogalamu ya VituixCAD, yaulerenso, imakulolani kuyesa zonsezi pa laputopu musanakhudze DSP.

Chatsala ndi nthawi. Mawu a woofer amachokera m'kati, masentimita 2 kapena 3 kumbuyo kwa tweeter, ndipo sentimita imodzi ndi 0.029 ms. Tweeter ndiyo ichedwetsedwe, cha pa 0.06 mpaka 0.09 ms. Potsimikiza, tembenuzani polarity (+ ndi −) ya tweeter mu DSP, muyeze ziwirizo zikuimba pamodzi. Pa crossover payenera kukumbika dzenje lakuya, 20 dB kapena kuposa. Sinthani delay pang'onopang'ono, 0.01 ms nthawi iliyonse, mpaka dzenjelo lifike pakuya pake, kenako bwezani polarity. Likakana kuya pa delay iliyonse, vuto lili pa kutsetsereka kwa mizere, bwererani ku target. Musathamangire kuika delay yaikulu: pa 2,000 Hz funde limodzi ndi 0.5 ms, ndipo mutha kupeza dzenje labodza mutalumpha funde lathunthu.

Mukamva "sss" pa tweeter nyimbo zitaima, ndiye kuti amplifaya ikukuza phokoso la DSP. Kutsitsa 8 dB m'kati mwa DSP sikuchotsa phokosolo. Tsitsani gain pa amplifaya ya ma tweeter, kapena ikani ma resistor awiri ogawa mphamvu pa input yake, DSP izitulutsa pafupi ndi ma volt 2 ake. Kung'ung'uza kwa 50 Hz kumabwera kawirikawiri ndi waya wa dishi kudzera pa TV. Lumikizani TV ndi DSP pa chingwe cha optical, TV muiike pa PCM. Kulira ngati njuchi mukakhala pa sola kumachokera ku inverter ya modified sine, ndipo fyuluta ya DSP siingakuchotse.

Chipinda chibwere pomaliza, pa ma PEQ a ku input, kuti zokonza sipika zisasakanikirane ndi zokonza nyumba. Gawani 343 ndi kawiri kutalika kwa chipinda: cha mamita 4 chimalira pa 43 Hz ndi 86 Hz. Yezani malo atatu kapena asanu kuzungulira mpando wanu, dulani mapiri okha pansi pa 300 Hz. Maenje musawakweze. Kuwonjeza 6 dB kumafuna ma watt kanayi, ndipo dzenjelo limakhalapobe chifukwa ndi mafunde akufafanizana. Sunthani mpando kapena sipika masentimita 30. Chimodzimodzi kukakamiza woofer yaing'onoyi kufika 40 Hz: kutsika octave imodzi pa mphamvu ya mawu yomweyo kumafuna cone iyende kanayi. Ikani high-pass, fyuluta yodula bezi yapansi, pa 35 kapena 40 Hz, ndi compressor yochepetsa mawu akakwera kwambiri pa ma output a tweeter ngati kunyumba kuli achinyamata okonda voliyumu.

Ma output anu anayi atha ndi masipika awiriwa. Mukadzafuna subwoofer kapena 3-way, mufunika DSP ya ma output oposa anayi, monga Behringer DCX2496, bola mukumbukire kuti imatulutsa mphamvu ya zida za pa siteji ndipo imafuna kutsitsidwa isanalowe m'mabodi anuwo. Pakadali pano tumizani muno mtundu wa ma tweeter, m'lifupi mwa bokosi, ndi zithunzi za REW za woofer yokha ndi tweeter yokha, pa madigiri 0 ndi 45, smoothing ya 1/12, tione pamene ziwirizi zingakumane.