Kachomera kotchera ulimbo: yankho kwa m'bale wa ku Cape Town

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa kwathu amene akugwira ntchito ya m'gadeni ku Cape Town. Akuti abwana ake ali ndi timiphika 20 ta zomera zotchedwa sundew, ndipo tsiku loyamba lomwelo anamupatsa malamulo atatu: asathire feteleza, asathire madzi a pampopi, asakhudze masamba. Funso lake linali lakuti: "Kodi anthuwa amaonamo chiyani? Sichidyedwa, mthunzi chilibe, maluwa ake ndi tating'ono. Nanga nditafuna kuyesa changa, ndiyambire pati?"

Achimwene, ngati munakulira kumudzi ndiye kuti munatcherapo ulimbo. Mumapaka pa kamtengo, kukaika pafupi ndi pomwera mbalame, inu n'kubisala patchire phee kudikira kuti mpheta itere. Chomera chimene mukuthiriracho chimagwira ntchito yomweyo, kungoti ulimbo wake chimapanga chokha ndipo nyama yake ndi tizilombo touluka.

Mawa m'mawa, dzuwa likangotuluka, gwadani pafupi ndi kamphika kamodzi muyang'anitsitse tsamba limodzi lokha. Muona kuti ladzaza ndi tiubweya tofiira, ndipo kunsonga kwa kaubweya kalikonse kuli kadontho kowala ngati mame. Mubwerenso masana dzuwa lili paliwombo. Mame a pa kapinga adzakhala atauma kalekale, koma aja adzakhala akadali ng'aning'ani. Dzina lake lachokera pamenepo: m'Chingerezi limatanthauza mame a dzuwa, ndipo dzina la akatswiri, Drosera, limene katswiri wa zomera Carl Linnaeus analemba mu 1753, lachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza mame.

Tsiku lina mudzachita mwayi woona kantchentche kakutera. Kamwendo kamodzi kamatirira. Poti kadzipulumutse kamaphupha, phiko n'kukhudza kadontho kena. Pakapita mphindi zochepa, tiubweya toyandikana nako timayamba kuwerama pang'onopang'ono kulunjika pamene pali nyamapo. Maso saona kuyendako. Mumangozindikira kuti si mmene zinalili mutayang'ana koyamba. Mtundu wa kwanuko, Drosera capensis, umapitirira apo: tsamba lonse, lalitali ngati kalamba ka wotchi, limapindika n'kufungatira kachilomboko. Kenako limatulutsa madzi osungunula minofu, n'kuyamwa. Pakatha masiku angapo tsamba limatambasuka, pangotsala kakhungwa kouma. Ine chimene chinandikola n'chimenechi. Chimanga chimakula inu muli mtulo, mumangopeza zotsatira. Ichi mumachipeza chili pa ntchito.

Nanga n'chifukwa chiyani chomera chizidya nyama? Kumene chimamera kutchire ndi malo a lowe, dothi lake lowawasa, losukuluka ndi madzi oyenda, lopanda chonde. Chakudya chimapanga ndi dzuwa ngati zomera zina zonse, koma nayitirojeni amene fodya wanu amamupeza mu thumba la feteleza, icho chimamupeza mu ntchentche. Mizu yake inazolowera umphawi, moti ikakumana ndi michere yambiri imapsa.

Apa ndi pamene ife ana a alimi timagwera. Changa choyamba ndinachipha ndi chifundo. Ndinachiona chowonda, ndinati ayi, mwanayu ali ndi njala. Ndinaviika zitosi za nkhuku m'chigubu monga ndimachitira ndi mpiru, n'kuthirako pang'ono chabe. Sabata isanathe mame onse anali atauma, masamba ali bii ngati awauka ndi moto. Zonse zimene agogo anandiphunzitsa kudimba zinali poizoni kwa kachomera aka. Ndiye abwana anu si kuti akungovuta. Lamulo lokhalo limene ndingalifewetse ndi lachitatu: kukhudza kamodzi sikupha, mungochotsa ulimbo umene chomera chinavutikira kupanga, ndipo pakapita tsiku kapena awiri umabwerera.

Musadandaule kuti mwayamba kutengeka ndi zachibwana, chifukwa anatengeka ndi akuluakulu. Mu 1860, chaka chimodzi chokha atatulutsa buku lake lotchuka lonena za chiyambi cha mitundu ya zamoyo, katswiri wa sayansi Charles Darwin anaona mtundu wina wotchedwa Drosera rotundifolia m'tchire la ku Sussex ku England, n'kudabwa ndi kuchuluka kwa tizilombo tomatirira pa masamba. Chaka chomwecho analembera mnzake Charles Lyell kuti panthawiyo mtima wake unali pa Drosera kuposa pa chiyambi cha zamoyo zonse za padziko. Ankaika pa masamba tinthu tosiyanasiyana: kanyama, choyera cha dzira, mkaka. Anapeza kuti madontho a madzi akagwera pa tsamba, tiubweya sitisuntha, koma kachidutswa ka tsitsi la munthu kochepetsetsa kakakhala pa kadontho, kaubweya kamawerama. Zimenezi anazitulutsa mu 1875 m'buku lotchedwa Insectivorous Plants. Taganizani, bambo wa ndevu zake, zaka ndi zaka akudyetsa tsamba dzira.

Chinanso chimene chimachititsa kuti kamphika kamodzi kabale timiphika 20 ndi kuchuluka kwa mitundu. Ilipo yoposa 200, ndipo imapezeka m'makontinenti onse kupatula Antarctica. Yambiri ili ku Australia, kumene kuli tina tochepa ngati batani la malaya, ndi ina imene m'chilimwe imafota n'kubisala pansi ngati kambatata. Pafupi ndi inu, m'mapiri a Bainskloof cha ku Wellington, muli Drosera regia, imene masamba ake amafika masentimita 70. Ku Brazil, Drosera magnifica inadziwika kwa akatswiri chifukwa cha chithunzi chimene munthu wina anaika pa Facebook, ndipo anailemba ngati mtundu watsopano mu 2015. Kwathu nakonso ilipo. Drosera madagascariensis imamera m'madambo a ku Malawi ndi ku Zambia, kuphatikizapo ku Nyika. Ine nditamva zimenezi ndinakhala kaye chete, kuganiza za madambo onse amene ndinadutsamo ndili mwana maso ali pa ng'ombe.

Tsopano za kuyamba kwanu. Yambani ndi capensis, musanyengeke ndi china. Ambiri amathamangira Venus flytrap, chija chotseka ngati msampha, koma chimafuna nyengo yozizira yoti chigone chaka chilichonse, ndipo alendo amachitopetsa pochigwiragwira kuti aone chikutseka. Capensis ndi yopirira, ndipo inu muli kwawo kwenikweni. Imabereka kwambiri moti ku New Zealand anailetsa kugulitsa, poopa kuti ilanda malo a zomera za kumeneko.

Dothi lake ndi peat (zomera za m'dambo zoolerana zimene amagulitsa m'matumba) wosasakaniza ndi feteleza, kuphatikiza ndi mchenga wotsuka bwino, muyezo wofanana. Werengani pa thumba, chifukwa dothi lambiri la m'nazale amaliikiratu chakudya. Mchenga wa kunyanja ayi, uli ndi mchere ndi tizigoba. Kamphika kakhale ka pulasitiki kobowola pansi, ndipo kakhazikeni m'mbale momwe muli madzi okwana sentimita imodzi kapena awiri nthawi zonse. Zomera zina zambiri zikanaola mizu, ichi ndiye chimasangalala.

Madzi ndiwo nkhani yaikulu. A mvula ndiye eni ake. Kumeneko mvula imagwa m'miyezi yozizira, cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi imene kwathu kuli gwaa, choncho tcherani zigubu nthawi imeneyo kuti zikufikitseni mu Januwale ndi Febuluwale. Akatha, gulani madzi ochotsedwa michere yonse otchedwa distilled. Kuwiritsa sikuthandiza, michere imatsalira momwemo. Kuli kachipangizo kotchipa koyezera michere ya m'madzi kotchedwa TDS meter. Olima zomerazi amafuna kuti kawerenge pansi pa 50. Amene mukuwerenga muli kumudzi, madzi a pamjigo muziwakayikira kwambiri, makamaka aja osiya zoyera mu ketulo.

Dzuwa lichuluke, makamaka la m'mawa. Chomeracho chimadziulula chokha: chikakhuta dzuwa tiubweya timakhala psuu, mame ali thoo, chikakhala pamthunzi chimabiriwira, n'kuuma ulimbo. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene imavuta ku Cape Town m'chilimwe nayonso imaumitsa mame, ndiye chiikeni kuseri kwa khoma. Za kudyetsa musavutike nazo, chikakhala panja chimadzisakira chokha. Nyama ya m'mbale mwanu musiyireni Darwin, imangoolera pa tsamba.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Wina akakuuzani kuti chimathetsa udzudzu, musapinde neti yanu. Chimagwira umodzi umodzi basi, zambiri zimene chimakola ndi timantchentche ta pa nthochi zakupsa ndi ta m'dothi lonyowa. Ndipo chodabwitsa, mlenje ameneyu amagwidwa ndi nsabwe za m'masamba. Zimakhala pakati pamene masamba atsopano akutulukira, kumene ulimbo sunayambe, n'kumayamwa mosatekeseka. Masamba atsopano akayamba kutuluka opiringizika, fufuzani pamenepo. Ine ndimamiza kamphika konse mu ndowa ya madzi a mvula kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Mukakwera phiri la Table Mountain cha mu Ogasiti kapena Seputembala, yang'anani m'mbali mwa njira pamene pakuchucha madzi, muona timitundu tina tofiira titamatirira pansi. Jambulani, musazule. Ndi malo otetezedwa, ndipo ina mwa mitundu imeneyo imafota m'chilimwe, ikanangokuferani m'manja.

Ndalama zogulira musawononge n'komwe. Capensis imatulutsa kaphesi kakatali ka maluwa ofiirira, limodzi limamasula m'mawa n'kutseka masana, mawa lake linzake, ndipo limadzibereketsa lokha. Kaphesiko kakauma, pemphani abwana anu kuti mukadule. Kagwedezeni pa pepala loyera, mugwa njere zakuda zonga fumbi la tsabola, zambirimbiri. Ziwazeni pamwamba pa dothi lonyowa, osakwirira. Pakatha masabata awiri mpaka anayi muona timadontho tobiriwira. Bwerekani galasi lokulitsa zinthu mutiyang'ane: kambande kochepa kuposa njere ya mpunga kamakhala katatchera kale ulimbo wake.