Kodi lamulo lingateteze mwana wanga pa intaneti?

FUNSO: Mkonzi, mwana wanga wamkazi wa zaka 12 anatsegula akaunti ya TikTok ponama chaka chake chobadwa, ndipo masiku ano amachezera pafoni usiku wonse moti aphunzitsi akudandaula kuti amaodzera m'kalasi. Sabata yatha ndinapeza uthenga wochokera kwa bambo wina wosadziwika womupempha zithunzi. Kodi maboma akuchitapo chiyani, kapena atisiyira makolofe tokha?
Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi uthengawo chifukwa sufuna kuzengereza. Musaufufute, ujambuleni kuti ukhale umboni ndipo mukanene kupolisi. Mwanayo musamukalipire, pakuti akachita mantha adzakubisirani uthenga wotsatira.

Malire a zaka 13 otsegulira akaunti ya TikTok amene mwana wanu anawazemba anachokera ku lamulo la ku America la 1998 lotchedwa COPPA, lomwe limaletsa makampani kutolera zachinsinsi za ana osakwana msinkhuwo makolo asanavomereze. Makampani ambiri anangoika kabokosi kolembamo tsiku lobadwa, ndipo mwana aliyense wodziwa kuchotsera masamu amadutsapo mosavuta.

Chimene chasintha tsopano n'choti maboma ena ayamba kusenzetsa makampaniwo udindo woteteza ana, ndipo ife tikuona kuti apa m'pamene pagona nkhani. Nyumba ya malamulo ya ku Australia inavomereza mu November 2024 lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa Facebook, Instagram, TikTok, Snapchat ndi masamba ena, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 10 December 2025. Mwana sapatsidwa chilango, kholo nalonso ayi, koma kampani yolephera kuchitapo kanthu ingalipitsidwe chindapusa chofika madola a ku Australia 49.5 miliyoni. Ku Britain, lamulo la Online Safety Act la 2023 limakakamiza masamba oonetsa zolaula kutsimikiza zaka za owerenga, komanso limafuna kuti ana asamaonetsedwe nkhani zolimbikitsa kudzipha kapena kudzivulaza, ndipo bungwe la Ofcom, lomwe limaonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa, lingathe kulipiritsa kampani mpaka mapaundi 18 miliyoni kapena 10 peresenti ya ndalama zomwe imapeza padziko lonse. Dziko la China linalunjika pa nthawi: mu 2021 linalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti maola atatu okha pa sabata.

Povuta ndi pa kutsimikiza zakazo. Kampani imafuna chitupa kapena kujambula nkhope, zomwe zimadetsa nkhawa anthu ambiri kuti zinsinsi zawo zikusungidwa ndi ndani, ndipo ana ena amangobwereka akaunti ya mkulu wawo. Ngakhale zili choncho, malamulowa ndi ofunika, chifukwa kholo limodzi silingalimbane lokha ndi pulogalamu yopangidwira kuti mwana asaike foni pansi.

Pakadali pano, dziwitsani a TikTok kuti mwini akauntiyo sanakwane zaka 13 kuti aitseke, ndipo foniyo izigona kuchipinda kwanu usiku.