Msuweni, usanatumize ndalamazo mvera kaye

Halo... ikujambula kodi? Eya, ikujambula. Mwaswera bwanji nonse pagulupa, azakhali, amalume, ndaona mwawerenga kale. Pepani ndayankha mochedwa, netiweki ikuvuta kuno ku Mchengautuba, komanso ndangofika kumene kuchokera kusiwa, mapazi onsewa matope okhaokha. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, siifunsa kuti tili mwezi wanji.

Msuweni, uthenga wako ndauona. Wafunsa kuti chipepeso cha maliro a Adada a pagolosale tikusonkha zingati munthu mmodzi, ndiponso utumize pa nambala ya ndani. Wafunsa Lachiwiri, wafunsanso lero, kenako walemba wachitatu n'kufufuta. Sindinauwerenge ayi, ndinangoona kuti ukulemba, ukulemba, ukulemba, basi wafufuta. Iweyo kulemba uthenga wautali? Iwe amene tikakupatsa moni umangoyankha ndi kachala? Ndiye ndinangoti hmm, mwamuna wanga wa chisuweniyu china chake chikumudya kumeneko ku Joni.

Tawaika dzulo ku Zolozolo. Anthu, msuweni, anthu. Amayi a Umanyano atavala zoyera ndi zakuda zawo zija, nyimbo zachitumbuka kuyambira kunyumba ku Chibavi mpaka kumanda osapuma. Anyamata a sacramento, a kabaza aja, anabwera ndi njinga zawo n'kumayenda kutsogolo kwa galimoto ya bokosi, akukankha, palibe anakwera. Amayi a mumsika wa Zigwagwa anasiya mabenchi awo. Anabweranso ena oti sitikuwadziwa, wina wataye akuti amagwira ntchito ku Lilongwe, akuti ali ku Mzuni ankadya sikono zangongole pagolosale paja mpaka anamaliza maphunziro. Anayala nkhata, n'kungokhala chogwada osadzuka.

Koma amene anandiliza ine ndi amalume aang'ono. Abambo ako aang'onotu, a bondo aja. Dikira, dikira ndikuuze bwinobwino, chifukwa iwe nthawi imeneyo unali ku sukulu yogonera komweko, sunaione nkhaniyi.

Ntchito itatha ku Chikangawa, amalume anabwera kudzakhala kwathu ku Chiputula, nyumba ija ya nkhani zija, tisaiyambe. Analibe kalikonse, thumba limodzi ndi jekete la mvula. Kumangokhala pakhonde tsiku lonse, ndipo madzulo mukudziwa kumene ankalowera. Ndiye Adada anawaitana. Ine n'kuti nditayamba kale kuthandiza pagolosale ndikaweruka kusukulu, ndinamva ndi makutu angawa. Sanawanyoze, sanatchule n'komwe za mowa. Anangowafunsa ngati amadziwa kusiyanitsa usipa wouma bwino ndi wachinyezi. Amalume akuti eya, pamene munthu wa ku Dedza, nyanja ankangoionera patali ali pa Golomoti! Adada anatsegula chitini, n'kuwawerengera mpamba, n'kuwauza kuti mawa alawirire ku Nkhata Bay akaode usipa, malo ogulitsira awapatsa pakhonde la golosale lomwelo.

Ulendo woyamba zinayenda. Wachiwiri zinayenda. Wachitatu... ayi ndanama, unali wachinayi, chifukwa wachitatu ndi umene anandigulira nsapato za pulasitiki zija. Wachinayi anakwera matola ya lole yopanda tenti. Akukwera zitunda zija zochoka kunyanja kubwera kuno, mvula inawapeza. Matumba awiri onse kunyowa. Pofika ku Mzuzu usiku, dzuwa lowumitsira kulibe, mawa lake chifunga, mkuja wake mvula. Usipa wonse unachita nkhungu, nyumba yonse fungo, amayi anakautaya kudzala akulira.

Ndiye amalume anasowa. Osati kusowa kuchoka m'tauni, ayi, analipo, koma pagolosale anasiya kudutsa. Kuchoka ku Chiputula kupita m'tauni ankazungulira njira yakumunsi, yam'madimba ija, kuwoloka pa mlatho wa matabwa, kuti Adada asawaone. Masabata atatu. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kumayenda m'matope chonyang'ama ngati waba nkhuku. Ine ndikafika kunyumba ankandikokera kuseri, kumandifunsa kuti kodi anena chiyani lero, kodi atchula za apolisi. Ndimati ayi, sananene kanthu. Iwo kumati kukhala chete kumeneko ndiye koopsa.

Tsiku lina ndikutseka mawindo, Adada anandipatsa paketi ya shuga ndi masamba a Chombe, akuti ndikawapatse amalume, ndikawauze kuti mpando wawo wapakhonde ukuzizira. Basi, mawu ake omwewo. Ndinakapereka. Amalume anaiyang'ana shugayo nthawi yaitali, aaa, n'kulowa m'nyumba. M'mawa mwake anavala jekete lija, n'kupita kudzera mumsewu weniweni. Ine ndinali kuseri kwa kauntala ndikumanga timapaketi ta mchere, mtima uli thi thi thi. Anayamba kufotokoza, za lole, za mvula, mawu akunjenjemera. Adada anangoti "palije suzgo," mawu awo aja, ndiye kuti palibe vuto. N'kuwafunsa ngati amadziwa tomato. Amalume ulendo uno ananena zoona, akuti tomato ndiye ndinabadwira momwemo. Mawa lake anali pa Jenda ndi mpamba wina, kukaoda tomato ndi anyezi. Benchi imene ali nayo mpaka lero inayambira pamenepo.

Ndiye ukukumbuka 20 July 2011? Chaka cha mizere ya mafuta chija, zionetsero zitafika poipa, utsi wokhetsa misozi uli ponseponse, masitolo akuswedwa, anthu anafa kuno ku Mzuzu, ena agona ku Zolozolo komweko. Ife tonse tinadzitsekera m'nyumba. Amalume kulibe. Amayi anangoti basi, mchimwene wanga wapita. Kani iwo ali pakhomo la golosale, atakhala pa kreti ya Fanta, mpini wa khasu uli pamiyendo. Anagona pomwepo usiku uwiri, kuzizira kwa July kuja. Adada kuwauza kuti pitani kunyumba, katundu sangapose moyo, iwo kukana. Anyamata atafika anawauza kuti pano mudutse, aliyense wa inu anadyapo bani yaulere pakhomo pano. Ndipo anadutsadi.

Dzulo ndiye anavuta. Adzukulu akukumba, iwo anavula jekete, akuti ndipatseni khasu. Anthu kuwaletsa, akuti madala, bondolo, komanso muli kumbali ya olira. Iwo osamva. Mpaka mkulu wa adzukulu anawalola, anatema kangapo konse, kenako anangokhala pa dothi lofiira lija n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Ine... pepani. Dikirani pang'ono.

Eya. Ndabwera.

Ine okala yangayi mukuionayi, ndi manja a bambo amene aja. Anandiphunzitsa zitini ziwiri, china cha mpamba china cha phindu, ndipo cha mpamba sugwiramo ngakhale mwana akulilira mandasi. Anandiphunzitsa kugawa paketi ya shuga m'timapepala kuti wa ndalama yochepa naye amwe tiyi, kuyeza mafuta ophikira osabera ngakhale dontho, kuika banyira kwa mayi amene waona kuti akuwerenga makobidi kawiri. Njala ya 2002 ija, ufa wa m'timapaketi umene tinkadya kwathu unkachokera kuti? Ife obwera, Chitumbuka chathu chothyokathyoka, koma sanatifunsepo kuti kwanu n'kuti. Ankangoti "mwana wane," basi.

Tsono msuweni, za chipepeso. Aliyense akupereka mmene angathere, palibe mtengo, tikutumiza pa Airtel Money ya azakhali, iwo akalembetsa dzina la banja lonse. Nkhani yake ndi yomweyo, yatha. Koma iwe sukufunsa zimenezo. Ndimakudziwa, tinadyera mbale imodzi. Iwe ukufunsa za kope la ngongole.

Usatseke, mvera. Ukufunsa za ndalama ya pasipoti ndi ya basi imene Adada anakupatsa mu 2014, imene unati ukangofika ukayamba ntchito utumiza. Ndipo ndikudziwa wakhala ukuwerengera, kuti ndalama ya nthawi ija lero ingakhale zingati, poti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, osanenanso kugwa kwina konse kuja, ndiye ukufuna uponye chindalama chachikulu pa chipepeso kuti chikwirire zonse mwakachetechete. Ndikunama? Ndipo utabwera pa Khirisimasi ija, masabata awiri athunthu, pagolosale sunapondepo. Unkadutsa kuti popita m'tauni? M'madimba. Pa mlatho wa matabwa womwe uja. Ndinakuona ndi nsapato zako zoyera za ku Joni zitadetsedwa, ndinangoti magazi ndi magazi, uyu ndi mwana wa abambo ake aang'ono ndithu.

Usiku wathawu mwana wamkulu wa Adada anatulutsa makope onse, akufuna adziwe amene ali ndi ngongole kuti aone poyambira. Amayi, akazi a Adada, anandiitana kuti ndithandize kuwerenga, poti zolemba za Adada ndinazizolowera. Makope aja omanga ndi ulusi, mapepala ofewa ndi mafuta, pensulo ikadali yomangirira pachikuto. Tinakhala pamphasa ndi tochi ya foni, magetsi atazima. Ndinalipeza tsamba lako. Dzina lako, pasipoti, basi, ndi ina ya kamba wa panjira imene mwina unaiwala. Pamwamba pake mizere iwiri, kuchoka ngodya iyi kufika iyo. M'munsi analemba mawu amodzi, "vyamala." Zatha. Ndipo deti lake, msuweni, ndi la tsiku lomwe tinakuperekeza kudepoti. Iwe usanadutse n'komwe pachipata cha Dedza, bambo aja anali atafufuta kale.

Ulibe ngongole. Wandimva? Zaka zonsezi wakhala ukuthawa tsamba lofufuta.

Amayi atamva ndikutchula dzina lako anafunsa kuti kodi mnyamata uja ali moyo. Anati Adada ankakufunsa kawirikawiri, makamaka zikamveka pawailesi kuti ku Joni akuthamangitsa obwera, ankakhala pafupi ndi wailesi n'kumati kaya mwana uja wagona pati. Anamva kuti unabwera pa Khirisimasi. Anakusungira mpunga wa Kilombero, wa ku Karonga weniweni, kuti ukanyamule. Unakhala pansi pa kauntala mpaka January, kenako anandipatsa ine. Sindinakuuze, ndinaopa kukupweteka mtima, mwina ndinalakwa, kaya.

Ndiye chimene ndikupempha ine, imba foni. Osati kwa ine, osati pagulu pano ndi tizithunzi ta manja opemphera. Uwaimbire amayi aja, nambala ndikutumizira kumbali. Uwapepese ndi pakamwa pako, uwauze kuti uli moyo, uli ndi ana awiri, ntchito ukugwira. Chitumbuka chako chinathawa, ndikudziwa, yankhula Chichewa, amamva bwinobwino. Ukayamba kulira usadule, iwonso alira, palibe chochititsa manyazi. Madzulo ndiye bwino, anthu akachepa pasiwa, cha m'ma 7 koloko, nthawi ndi imodzimodzi kuno ndi kumeneko, usanamizire zimenezo.

Chipepeso tumiza monga wina aliyense, chochepa kapena chambiri, koma usachitche kubweza ngongole, chifukwa ngongoleyo kulibe, eni ake anaitseka okha ndi dzanja lawo. Ukafuna kuthandiza zenizeni, golosale atsegulanso sabata yamawa, amayi akuti sangaisiye, ndipo mashelefu aphwa chifukwa cha matenda aja. Belo la shuga, katoni ya sopo, zimenezo tidzakambirana bwino pambuyo pake. Koma uyambe ndi foni.

Aaa, amalume aang'ono ndi awa alowa, akuti ndikuyankhula ndi ndani nthawi yonseyi. Ndi mwana wanu wa ku Joni, malume. Ee, yemweyo. Akuti... dikirani, malume, pang'onopang'ono... akuti ndikuuze kuti njira yam'madimba ija mlatho wake unakokoloka, ukadzabwera udzadutse kumsewu. Wamva? Imba lero, msuweni. Batire yanga yatsala pang'ono, nambala ija ndikutumiza pompano.