Amuna anga akuti ndikope mafayilo a kuntchito kuti mlamu akhoze sukulu

Azakhali,

Ndimagwira ntchito ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuno ku Salima. Pa kompyuta yanga pali maina, manambala a foni ndi ngongole za amayi a geni komanso asodzi a ku Senga Bay. Pakhomo timakhala ndi mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, yemwe ali ku koleji. Gulu lawo lapatsidwa pulojekiti yofufuza chomwe chimalepheretsa anthu kubweza ngongole, ndiye akuti ndimukopere mafayilo pa flash kuti akaponye pa gulu lawo la WhatsApp. Nditakana, abambo akunyumba anati ndine wodzikonda, sindiwafunira zabwino abale awo. Apongozi nawo aimba kuchokera kwa Khombedza kufunsa ngati mwana wawo wanditopetsa. Nsima tikudya osayankhulana. Kodi ndingomupatsa kuti mtendere ubwerere?

Ine wosowa mtendere, Salima

Mwananga,

Usamupatse, ndipo usadziimbe mlandu. Mafayilowo si ako, ndi a anthu amene anakukhulupirira. Taganizira mayi wogulitsa usipa amene anasaina fomu patebulo pako, amuna ake osadziwa kuti watenga ngongole. Dzina lake likalowa pa WhatsApp, palibe angalibweze: wina alitumiza kwa chibwenzi chake, wina foni ibedwa mu minibasi, mawa lino nkhani ili ponseponse pa Kamuzu Road. Banja la mayiyo likagwedezeka, mlamu wako adzakhala atalandira kale malikisi ake.

Amuna ako mwina sakudziwa kuti makompyuta ambiri a m'maofesi otere amasunga mbiri ya amene walowa, nthawi imene walowa ndi fayilo imene watsegula. Pasiwedi ndi yako, ndiye wofunsidwa ndiwe. Komanso kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, lomwe MACRA, bungwe la boma loona za mafoni ndi mawailesi, ndiyo ikuyang'anira. Ntchito ikatha, fizi ya mlamu yemweyo idzachokera kuti?

Koma kukana kokha sikungazizitse m'nyumba. Mtsikanayu akuoneka kuti wapanikizika. M'magulu a pasukulu umu, amene ali ndi m'bale muofesi amamutenga ngati mgodi, ena n'kumangoponya tizithunzi ta chala chachikulu pa gulu, osalemba ngakhale chiganizo chimodzi. N'kutheka analonjeza kale anzake, tsopano akuopa manyazi. Khala naye pansi awiriwiri. Muuze akatenge kalata ku koleji yopita kwa bwana wako. Bwanayo akalola, angapereke ziwerengero zopanda maina. Malipoti a Reserve Bank of Malawi ndi a National Statistical Office ya ku Zomba ali pa intaneti, aulere. Akhozanso kukonza mafunso pa Google Forms (mafomu a pa intaneti) n'kupita okha kumsika ndi kudoko, kukafunsa anthu amene avomera. Gulu lawo lilembere limodzi pa Google Docs (tsamba la pa intaneti lolembapo anthu angapo), chifukwa pamenepo zimaoneka amene walemba ndi amene wangogona. Ngati ungathe, mugulire bandulo ndi kumupatsa ya thiransipoti, aone kuti sunamutaye.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi amuna ako. Chibale ndi fupa, inde, koma mwamuna sapititsa nkhani ya m'nyumba kwa amayi ake asanamve mbali ya mkazi wake. Usawayankhe pamaso pa mlamu. Kuchipinda, uwaonetse pepala limene unasaina polowa ntchito, pamene pakunena zosunga chinsinsi, uwafunse modekha ngati angakonde kuti ngongole zawo ziwerengedwe ndi ana a sukulu. Apongozi awaimbire ndi iwowo, osati iwe, ndipo awauze kuti mwana wawo akuthandizidwa m'njira ina. Akapitiriza kukusala, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri nkhaniyi isanafike kwa achibale ena.

Azakhali