Sapitwa mu Okutobala, usanakwerepo phiri: n'zotheka?

Achimwene ena a ku Chilomoni andilembera imelo. Akuti anzawo a kuntchito apangana zokakwera phiri la Mulanje mu Okutobala, kunyamuka Loweruka, kukaponda pa Sapitwa, n'kubwerako Lamlungu. Iwo sanakwerepo phiri chibadwire. Funso lawo n'lakuti: "Kodi ndikakwanitsa, kapena ndikangochita manyazi pamaso pa anzanga?"

Achimwene, phirilo mukakwera, koma Sapitwa muisiye kaye. Nsonga imeneyi ili pa mamita 3,002, ndipo ambiri amene amapitako amayamba agona ku kanyumba ka Chisepo. Kuchoka pa Likhubula, m'tsinde mwa phirilo, kukafika ku Chisepo ndi ulendo wa tsiku lonse. M'mawa mwake mumayamba kukwera pamiyala, pena chokwawa, pena chodzipanikiza m'mipata ya matanthwe, manja akugwira ntchito ngati miyendo. Ndiye anzanuwo akufuna kuti tsiku lomwelo mutsike pansonga, mudutse pa Chisepo, mpaka kukafika pamsewu. Anyamata onyamula katundu a pa Likhubula angathe. Munthu wokhalira pampando sabata yonse amafunika masiku 3.

Pa masiku awiri muli nawowo, pitani ku kanyumba ka Chambe, pa phiri lomwelo la Mulanje. Kuchokera pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula mumakwera mamita pafupifupi 1,000, ndipo woyenda bwino amatenga maola 3 kapena 4. Njira zodziwika zilipo ziwiri. Ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira, mthunzi wake ndi wochepa. Dzina lake linachokera ku chingwe chimene ankatsitsira matabwa kuchokera pamwamba. Ya Chapaluka ndi yotalikirapo, imatsata mtsinje wa Likhubula n'kudzera pa Dziwe la Nkhalamba. Ine ndimakonda kukwera Skyline mbandakucha dzuwa lisanapse, n'kudzatsika Chapaluka. Anthu amaopa kukwera, koma chimene chimaliza maondo ndi kutsika pamalo otsetsereka kwambiri miyendo itatopa kale. Pa dziwe paja mukhoza kuviika mapazi. Ngati simudziwa kusambira musadumphiremo chifukwa choti anzanu akujambula. Ndi lakuya ndipo madzi ake ndi ozizira zedi.

Tsopano za mwezi mwasankhawo. Okutobala ndi nthawi ya moto wolusa. Udzu wauma, mphepo ikuwomba, alenje ndi ootcha makala akuyatsa moto m'munsi. Moto paphiri sufanana ndi wa kumunda. Ukamakwera mtunda malawi amaweramira ku udzu wa kutsogolo n'kuutenthetseratu, choncho umathamanga kwambiri pokwera kusiyana ndi potsika. Mukaona utsi kumunsi kwanu musathawire kumtunda, simungaupose liwiro, makamaka m'chigwa chopapatiza mmene mphepo imaukankha. Pitani cham'mbali, funani thanthwe lopanda udzu, mtsinje, pamalo popsa kale, kapena mizere ija amalambula kuti itchinge moto. Ndipo ngati pagulu lanu pali wosuta, zotsalira za ndudu azisunga m'thumba. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko, ndipo mbande zimene a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala zimapsa ndi moto umodzi wokha.

Wolondolera njira mutenge, musanyinyirike ndi mtengo wake. Pa Likhubula alipo ovomerezeka. Gwirizanani ndalama musananyamuke. Phiri ili limasintha nkhope mosachenjeza, nkhungu ikatsika simuona ngakhale mnzanu ali patsogolo panu. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya womulondolera n'kupitiriza yekha cha ku Sapitwa, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Komanso chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023, zigumukire zinasintha malo ena, moti amene anakwera kalekale asakunamizeni kuti njira akuidziwa.

Zonyamula sizichuluka. Madzi malita awiri poyambira, mtedza, nthochi, chakudya chokaphika madzulo, tochi, chipewa, juzi ndi bulangete kapena chikwama chogonamo. Musaseke za juzi, pansi pakhoza kutentha koma kumtunda usiku kumazizira. Ku kanyumba ka Chambe kumakhala mlonda ndipo pamakhala poyatsa moto, koma chakudya n'chanu. Nsapato zikhale zoti mwaziyendera kale, zokhala ndi mapazi ogwira. Zatsopano zogula Lachisanu ku Limbe zikakutulutsani matuza musanafike n'pakati pomwe. Katundu akakhala wolemera lembani womunyamula. Palibe chamanyazi, ndipo ndi mmene mabanja ambiri a kumeneko amapezera ndalama.

Mwayi wanu ndi wakuti mumakhala m'tsinde mwa Michiru. Kuyambira Loweruka likubwerali, kwerani phiri limenelo ndi anzanu awiri kapena atatu, chikwama chili kumsana, nsapato zomwezo zili kuphazi. Mukamakwera yendani liwiro loti mukhoza kulankhula osabanika. Mukadzatsika Michiru maondo osanjenjemera, Chambe mwaikonzekera. Za Sapitwa mudzakambirane ndi anzanuwo chaka chamawa cha mu Meyi kapena Ogasiti, mutapempheratu tchuthi cha Lolemba.