Funsani Che Nthanda: nyenyezi zikundithawa mu telesikopu, vuto ndi chani?

Mwezi uno makalata anayi amene ndasankha onse akukamba za maunti, kaya munachita kupangana. Kwa amene mwangoyamba kumene kuwerenga tsamba lino, maunti ndi mutu wachitsulo uja umakhala pakati pa miyendo itatu ndi mpope wa telesikopu, ndi umene umanyamula ndi kutembenuza chinthu chonsecho.

Che Nthanda, achimwene anga amene ali ku Joni ananditumizira telesikopu ya galasi la 130mm pa basi, anagula kwa munthu. Maunti yake yalembedwa EQ ndipo ili ndi chitsulo cholemera chija chonga mwala wa sikelo. Kabuku kake kakuti ndiloze ku nyenyezi yotchedwa Polaris, ndasaka masiku atatu osaipeza. Ndikapeza pulaneti ya Saturn sipatha mphindi 2 yatuluka, ndikapotokola kachogwirira kotsatira nyenyezi ikulowera kwina. Nditayesa kutsitsa mutu wake mwala uja ukumenya mwendo. Kodi anawagulitsa yowonongeka? Wowerenga wa ku Makawa

Achimwene, musawadandaulitse abale anu ku Joniko, katunduyo ndi wabwinobwino. Ndipo Polaris lekani kusaka, simudzaiona olo mutagona panja chaka chonse. Kabukuko analembera anthu a ku Ulaya ndi ku America. Ife kuno ku Mangochi tili pa madigiri 14 ndi theka kummwera kwa ikweta, ndiye Polaris kwa ife ili kunsi kwa dziko, siituluka dzinja kaya chilimwe. Ndanenapo izi kangapo ndipo ndizinenabe chifukwa zimandiwawa kuona munthu akubwezera telesikopu mu katoni kamba ka kabuku kolembera anthu ena.

Saturn akukuthawani chifukwa dziko likuzungulira, madigiri 15 pa ola, ndiye kuti digiri 1 pa mphindi 4 zilizonse. Mukakulitsa chithunzi ka 100 kagawo ka thambo kamene mukuona ndi kochepa ngati kukula kwa mwezi, pafupifupi theka la digiri, nde mphindi 2 mwanenazo ndi zoona ndithu. Maunti ya EQ anaipanga kuti ithane ndi zimenezi. Ili ndi ekiselo imodzi yopendekeka, ekiselo imeneyo ikaloza ndendende pamalo pamene thambo lonse limazungulirapo, kachogwirira kamodzi kokha kamakwanira kutsatira nyenyezi usiku wonse. Kwa ife malo amenewo ali kummwera, komanso ndi otsika, madigiri 14 ndi theka basi kuchokera pomwe thambo limakumana ndi mtunda. Tambasulani mkono mukunge chibakera, chibakera chimodzi ndi theka, pamenepo.

Yambani masana. Kampasi ya pafoni imanama ikayandikira zitsulo za maunti, komanso kummwera kwa kampasi kumasiyana pang'ono ndi kummwera kwenikweni, ndiye ine ndimakhulupirira chithunzithunzi cha dzuwa. Bwerekani pulamu kwa abilda, kapena mangani nati yaikulu ku chingwe muilendeweretse pabwalo pamene mumaonera nyenyezi. Dzuwa likafika paliwombo chithunzithunzi cha chingwecho chimagona kumpoto ndi kummwera ndendende, mujambule mzere ndi penti kapena mukhome zikhomo ziwiri. Koma paliwombo pathu si 12 koloko ayi. Wotchi ya Malawi imatsatira madigiri 30 kummawa pomwe ife tili pa 35, tatsogola ndi mphindi pafupifupi 21, ndiye mu Juni ndi Julayi muyime pamenepo cha m'ma 11:40 mpaka 11:45. Musachite izi koyambirira kwa Novembala kapena cha pakati pa Febuluwale, nthawi imeneyo dzuwa limadutsa pamutu penipeni chithunzithunzi osaoneka. Mukakhala pa boma kummwera kwake ndi mbali ya ku Liwonde, mzere wanu ukaloza kwina mwalakwitsa penapake. Ndipo chonde telesikopu ikhale m'nyumba yovindikira nthawi yonseyi, ana amathamangira kusuzumira, dzuwa kudzera mu galasi limenelo limaotcha diso kamodzin'kamodzi ndipo silichira.

Madzulo ikani miyendo ngati mafuwa, yonse itatu igwire pansi mofanana, muyeze ndi levulo. Kenako onani pambali pa mutu, pali manambala a 0 mpaka 90. Ndikhulupirira mupeza muvi uli pa 26 chifukwa Johannesburg ili pa madigiri 26. Inu muutsitse ufike pakati pa 14 ndi 15. Ngati pali mabawuti awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, masulani imodzi kaye musanamange inzake, ndipo chotsani mpope ndi mwala musanayambe. Ine yanga ndinaikakamiza zonse zili pamutu, bawuti inapindika ngati nthochi ndipo ndinakhala miyezi iwiri osaona kanthu ndikusaka ina ya mazinga ofanana.

Tsopano za mwala womenya mwendo. Limeneli ndi vuto la ife tonse okhala kufupi ndi ikweta, mutu ukatsika chonchi ndodo ya mwala imalendewera pafupi kwambiri ndi miyendo. Opanga amaika mwendo umodzi kutsogolo, kunsi kwa mwalawo. Inu tembenuzani kuti mwala uzidutsa pakati pa miyendo iwiri, mwendo wachitatu ukhale kumpoto. Maunti zing'onozing'ono mumangomasula bawuti yapansi ndi kuzunguza mutu, zazikulupo zili ndi kachikhomo pamwamba pa miyendo kamene nthawi zambiri kamamasuka n'kukalowa pa bowo la mbali inayo. Kungoti mukatero kulemera konse kuli mbali yopanda mwendo, ndiye mangani kathumba ka mchenga pa mwendo wa kumpotowo kuti chinthu chingagwe chafufumimba. Ena amapita kwa owotcherera kukapangitsa kapaipi kokweza mutu masentimita 15 kapena 20, nazonso zimagwira.

Mukabwezera mwala ndi mpope, mwala uyambe ndiwo, linganizani kulemera. Gwirani mpope ndi dzanja, masulani loko, gonekani ndodo ya mwala chopingasa ndipo sunthani mwalawo mpaka mbali zonse zitaima zokha ngati sikelo ya pamsika. Chitaninso chimodzimodzi ndi mpope mkati mwa malamba ake.

Kukada tsimikizani ndi Mtanda wa Kummwera, uja azungu amati Crux. Miyezi ino ya Juni ndi Julayi ukangoti mdima wagwa umakhala utaima bwinobwino kummwera, nyenyezi yofiirira pamwamba ndi Gacrux, yowala kwambiri pansi ndi Acrux. Tengani kutalika kwa mtandawo, mupitirize mzere kuchokera pa Acrux kutsika kanayi ndi theka, mufika pamdima popanda nyenyezi yowala, ekiselo yanu iloze pamenepo. Ilipo kanyenyezi pafupi, Sigma Octantis, koma ndi kofooka kwambiri ndipo pa madigiri 14 ndi chinyontho cha kunyanja komanso utsi wa anthu otentha tchire mu Ogasiti musavutike nako. Mu Okutobala ndi Novembala madzulo Mtanda umakhala utalowa, pamenepo gwiritsani mitambo iwiri yoyera ija ya Magellan, malo oti ekiselo iloze aja amapanga nayo ngodya zitatu zotalikirana pafupifupi mofanana. Mukamaliza ikani Saturn pakati muzipotokola kachogwirira kamodzi kokha. Akamatsetserekabe pang'onopang'ono m'mbali, sunthani mutu pang'ono kumanja mudikire mphindi 5, zikaipiraipira bwererani kumanzere. Mukapeza pabwino ikani njerwa zitatu zolemba penti pamene pali miyendo, mawa mudzangokhazika basi.

Che Nthanda, ndimagwira ntchito pa loji ina kuno ku Cape Maclear. Mlendo wina anatisiyira telesikopu ya kompyuta, ya GoTo, ija imadzilozera yokha pa nyenyezi imene mwaiuza, ili ndi karimoti ka SynScan. Ndikaiuza kuti ipite ku nyenyezi ya Antares ikuloza kwina, tsiku lina inaloza pansi penipeni alendo akuyang'ana, ndinachita manyazi. Nthawi zina imalira n'kuima pakati. Mtsikana wa ku Chembe

Chemwali, makina amenewo saona kumwamba, amangokhulupirira zimene mwawauza poyatsa. Ndiye tiyeni tione zimene mukuwauza.

Poyamba deti. Karimoti kameneko kamafuna mwezi kaye, kenako tsiku, kenako chaka, mwa chi America. Ife tinazolowera tsiku kaye. Pa 7 Juni mukalemba 07/06 iko kamamva kuti ndi pa 6 Julayi, masiku 29 kutsogolo, ndipo poti thambo limasuntha pafupifupi digiri 1 tsiku lililonse mwataya madigiri pafupifupi 29, zibakera zitatu zathunthu. Chimapusitsa ndi choti pa 13 kupita mtsogolo kamakana kokha chifukwa kulibe mwezi wa 13, ndiye mumakonza, zinthu zimayenda, mwezi ukatha vuto labwereranso. Pa Time Zone lembani +02:00. Pa Daylight Saving yankhani NO, kuno sitisintha mawotchi, mukati YES ndi ola lathunthu, madigiri 15 enanso. Kenako malo, onani pa GPS ya foni yanu, ku Chembeko mupeza pafupifupi 14°01′ S ndi 034°51′ E. Yang'anitsitsani zilembo ziwirizo. Mlendoyo ngati anachokera ku Ulaya anasiya N, mwinanso W, ndipo kuloza pansi kuja ndikuganiza kuti kwachokera pamenepo.

Pochita alignment, pamene karimoti kamakuuzani kuloza nyenyezi zingapo kuti kadziwe kumene telesikopu yayang'ana, sankhani nyenyezi zimene mukuzidziwa ndi maso komanso zotalikirana, miyezi ino Rigil Kentaurus kummwera ndi Arcturus kumpoto ndi zabwino. Kafainda, katelesikopu kakang'ono kaja kokhala pamwamba pa mpope, mukayanjanitse ndi mpope kukadali kowala, lozani pa mtengo wakutali ku chilumba cha Thumbi, zonse ziwiri zione chinthu chimodzi pakati.

Zolira ndi kuima ndi njala ya moto. Imafuna 12V yokwanira, mabatire a tochi amatha msanga. Tengani batire ya sola kapena ya njinga yamoto yotchaja bwino, muike fyuzi pa waya, ndipo musanalumikize tsimikizani kuti pulasi ili pakati pa pulagi, mukatembenuza bodi imapsa ndipo kuno simuipeza. Onaninso kuti waya sakukulungika pa maunti ikamazungulira.

Malume, yanga ndi EQ ya mota imodzi. Ndinaloza kummwera monga munalembera chaka chatha, koma ndikayatsa mota nyenyezi ikuthawa msanga kuposa ndikazimitsa. Komanso chithunzi chimanjenjemera kwambiri tikakhala kumchenga. Mnyamata wa fomu 4, Malindi

Mphwanga, yang'ana pa kabokosi ka mota, pali kaswitchi kolembedwa N ndi S. Kako kali pa N, mota ikuzungulira chobwerera, nchifukwa chake nyenyezi ikuthawa liwiro lowirikiza kawiri. Kankhira pa S, watha.

Zonjenjemerazo, usatalikitse miyendo mpaka kumapeto, khala pa mpando telesikopu ikhale yofupika. Pansi pa mwendo uliwonse ika njerwa kapena kathabwa kuti isamatitimire, ndipo pakati pa miyendo lendeweretsa chigubu cha malita 5 cha madzi, chisamakhudze pansi komanso chisamagwedezeke. Mwera ukakula bisala kuseri kwa khoma. Koma ine nkhawa yanga yaikulu ndi mchengawo, ukalowa mu girisi ya magiya umadya mano ngati sandipepa. Ukamva kukukuta popotokola usakakamize, pukuta girisi yakaleyo ndi kansanza ndi kaburashi, upake yatsopano pang'ono chabe. Usamasule magiya, sanawonongeke. Ndipo ukabwera kunyanja usiku usaitsekere mu katoni ikadali ndi mame, ichita dzimbiri.

Che Nthanda, ndine mphunzitsi wa sayansi ndipo tili ndi kalabu ya ana 40. Tapatsidwa mpope wa 150mm wopanda miyendo. Tisake maunti ya EQ? Mphunzitsi, Namwera

Aphunzitsi, ayi, ndalama imeneyo gulirani magalasi osuzumira. Ana 40 pa mzere, aliyense akugwira, wina akupunthwa pa mwendo, EQ muzingoikonza usiku wonse. Ngati mpopewo ndi uja wosuzumira m'mbali cha kukamwa, pitani kwa kalipentala akupangireni Dobsonian. Dzinali ndi la John Dobson, amene anabadwa mu 1915 n'kumwalira mu 2014, iye ankaimika matelesikopu opanga yekha m'misewu ya ku San Francisco kuti aliyense wodutsa aone mwezi ndi mapulaneti. Ndi bokosi la pulayiwudu chabe. Thabwa lapansi limakhala pa timiyendo titatu, bokosi limazungulira pamwamba pake pa bawuti imodzi yapakati, ndipo mpope umagona pa mateyala awiri athabwa kapena zivindikiro za paipi ya PVC zokhala m'mipata yosema ngati mwezi wokhala kumene. Pamene pamakhudzana muike fomaika ndi tizidutswa ta pulasitiki yoterera yotchedwa Teflon, mukasowa Teflon dulani chigubu cha pulasitiki yolimba, mupake kandulo pang'ono. Chachikulu kalipentala apeze pamene mpope umalingana kulemera galasi losuzumira lili pomwepo, mateyala akhale pamenepo, ndipo bawuti yapakati asaimange kwambiri, chinthucho chiziyenda ndi chala chimodzi n'kuima pomwe mwachisiya.

Sifuna kummwera, sifuna batire, mwana amangokankha pang'ono nyenyezi ikafika m'mphepete. Ndipo inu ku Namwera muli kumtunda, pamwamba pa chinyontho cha kunyanja, kutali ndi nyali za asodzi a usipa zimene zimativutitsa ife kunsi kuno mwezi ukakhala kumdima. Usiku woyamba mu Julayi muwayambitse ndi Acrux, pa mpope wa 150mm aona kuti nyenyezi ija amati ndi imodzi ndi ziwiri zogundana, kenako akwere pang'ono kumanzere kupitirira Mtanda akapeze Omega Centauri, chimulu cha nyenyezi zambirimbiri zothithikana, ndipo akatopa pa mzere agone chagada pa mphasa ayang'ane Mlalang'amba ndi maso okha podikira nthawi yawo.