Kachilombo ka Epstein-Barr komanso khansa ya m'chifu imene imabwereranso

Mayi wina wa ku Tsangano wandilembera imelo kunena kuti malume ake, amene analandira mankhwala a khansa ya m'chifu mpaka kuoneka ngati achira, adwalanso, ndipo madokotala anatchulapo za kachilombo. Akufuna kudziwa momwe kachilombo kamabweretsera khansa, komanso chifukwa chimene matendawa abwerera.

Pepani mayi ndi matendawa. N'kutheka kuti ankanena za Epstein-Barr, kachilombo kamene kanapezeka mu 1964 m'maselo a chotupa cha Burkitt, khansa ya ana yodziwika kuno ku Malawi. Kamafala kudzera m'malovu, ndipo akuluakulu oposa 90 pa 100 alionse ali nako popanda kudwala, choncho musaope kudyera mbale imodzi ndi malume anu. Pa odwala khansa ya m'chifu khumi, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amapezeka nako m'chotupa, makamaka amuna. Gwero lalikulu la khansayi ndi bakiteriya wa Helicobacter pylori.

Kachilombo ka Epstein-Barr kakalowa m'selo la m'chifu sikalipha ayi, kamangobisala n'kumagwiritsa ntchito ochepa chabe mwa majini (malangizo a chibadwa) amene kali nawo. Puloteni ya kachilomboka yotchedwa EBNA1 imakamangirira ku makromozomu, timitolo ta majini a selo, kuti selo likamagawikana, maselo atsopano akatengere. Puloteni inanso ya kachilomboka, LMP2A, imadzutsa puloteni ya m'selo yotchedwa STAT3, imene imachulukitsa puloteni ya DNMT1, ndipo puloteniyi imatseka majini oletsa zotupa monga PTEN, mofanana ndi kudula mabuleki a njinga pamtsetse. Tizidutswa ta RNA (uthenga wochokera ku majini) totchedwa BART, timene kachilomboka kamapanga, timalepheretsa selo lowonongeka kufa monga limayenera.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landikhudza kwambiri, ndipo inu alimi a kachewere mulimvetsa msanga. Mukakumba mbatata, ina ing'onoing'ono imatsalira m'nthaka, ndipo mvula ikagwa imaphukanso m'munda umene mumati mwatha kukolola. Ofufuza aona, makamaka pa maselo oweteredwa mu labotale, kuti majini a kachilomboka amasandutsa maselo ena a chotupa kukhala ngati mbewu yotsalirayo: amadzichulukitsa okha, amabereka maselo ena a khansa, ndipo ambiri amadziwika ndi puloteni ya CD44. Mankhwala a kemo, opha maselo a khansa, amagwira kwambiri maselo ogawikana mofulumira, pamene ambiri mwa awa amagawikana pang'onopang'ono, motero chotupa chimafota koma iwo n'kupulumuka.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti zotupa za kachilomboka nthawi zambiri zimakhala ndi puloteni yambiri ya PD-L1, imene imabisa chotupa ku chitetezo cha m'thupi, ndipo zina zimamva mankhwala odzutsa chitetezocho. Mukawaperekeza malume ku chipatala cha Kamuzu Central, mukafunse ngati kanyama kamene anadula pa chotupacho kanayezedwa kachilomboka, ndipo mukawafotokozere madokotala ngati akuwonda, akusanza kapena akuchita chimbudzi chakuda.